Kuchokera m'chikuta mpaka ku sikelo: mbiri ya kusabereka kwa abambo ku Ngokwe

Dera la Mfumu Yaikulu Ngokwe lili kum'mawa kwa boma la Machinga, m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, kumene Malawi wachita malire ndi Mozambique. Anthu ake ndi asodzi ndi alimi a mpunga ndi chimanga, ndipo anyamata ambiri masiku ano amakasaka ndalama ku Joni. Koma chuma chimene mudzi uliwonse umanyadira kuposa zonse ndi ana. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti mayi wa ku Machinga amabereka ana oposa 6 pa moyo wake, pamene m'dziko lonse chiwerengerocho chidali 4.4. Kumalo kotere nyumba yopanda mwana siibisika. Chaka chikatha mkazi asanaime, pa mjigo pamayamba manong'onong'o. Zikakwana zaka ziwiri, nkhani imafika kwa ankhoswe.

Zolepheretsa mwamuna kubereka n'zambiri, ndipo zina monga chinzonono ndi likodzo anthu a kunyanja amazidziwa bwino. Koma pali china chimene chimayamba munthu asanabadwe n'komwe: machende osatsikira m'thumba lake. Makolo adali ndi miyambo yoyang'anira thupi la mwana wamwamuna m'chikuta, ku jando ndi polowa m'banja, komanso adali ndi njira zothandizira nyumba yosowa mwana. Pa vuto ili njira zonsezo zinkaphonya kapena kubwera mochedwa, madzi atafika kale m'khosi. Ngakhale madokotala a kunja zidawatengera zaka zoposa 200 kuti agwirizane kuti thandizo lenileni liyenera kufika mwana asanayambe kuyankhula.

Mkamwini ndi mbumba

Ayao asanafike, m'chigwa cha Chiuta ndi Chilwa munkakhala Anyanja. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 kudafika Ayao a fuko la Amachinga kuchokera ku mapiri a Mandimba, motsogozedwa ndi mafumu monga Kawinga ndi Liwonde. Kawinga adakhazikika pa phiri la Chikala mpaka asilikali a atsamunda adamugonjetsa mu 1895. Malonda a kugombe la nyanja ya mchere adabweretsa Chisilamu, ndipo pambuyo pake Alomwe nawonso adalowa kuchokera ku Mozambique, kuthawa ulamuliro wankhanza wa Apwitikizi. Mitundu itatu yonseyi idagwirizana pa chinthu chimodzi: mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwamuna akakwatira amapita kukamanga kwa mkazi.

J. Clyde Mitchell, katswiri wa za chikhalidwe amene adakhala pakati pa Ayao a ku Machinga kuyambira mu 1946, adafotokoza bwino zimenezi m'buku lake la 1956 lotchedwa The Yao Village. Mudzi unkamangidwa pa mbumba, kutanthauza alongo ndi ana awo pansi pa chisamaliro cha mlongo wawo wamwamuna. Mbumba ikakula, mwini mbumba ankatha kupatuka n'kukayamba mudzi wake, dzina lake n'kutchuka. Mitchell adaona kuti nkhani ya kubereka n'njofunika kwambiri kumeneko, moti mu 1949 adasindikiza kafukufuku wowerenga ana obadwa m'midzi ingapo ya Ayao m'boma la Liwonde la nthawiyo.

M'dongosolo lotere mkamwini adali mlendo wobwera ndi ntchito zodziwika: kumanga nyumba, kulima munda wa apongozi, ndi kuchulukitsa mbumba. Ziwiri zoyambazo akanatha kuzichita ndi khama. Yachitatuyo siinkamvera khama. Ndipo popeza panalibe ng'ombe za malowolo zoti abweze, ukwati sunkavuta kutha. Kumadera a chitengwa mlandu wa kusabereka nthawi zambiri unkagwera mkazi. Kuno mkazi adali kwawo, pakati pa amayi ake ndi atsibweni ake, ndipo woyamba kunyamula mkeka ndi khasu adali mwamuna. Mkaziyo akakwatiwanso n'kuima miyezi ingapo isanathe, mudzi wonse unkadziwa kumene kunali vuto. Mwamuna uja ankapita mudzi wina, kukwatiranso, kuchotsedwanso, ndipo mayina onyoza ankamutsatira. Ankati ndi gojo. Ena ankangoti anagwa m'papaya.

Zimene ankhoswe ankafunsa

Banja lisanathe, akuluakulu ankayesa kulikonza. Ankhoswe a kuchimuna ankamutengera mwamuna pambali, amayi achikulire nawonso n'kumufunsa mkazi kumbali. Funso lidali limodzi: kodi bamboyu ntchito ya m'nyumba akuigwira? Yankho likakhala lakuti ayi, ankathamangira kwa sing'anga kukatenga gondolosi ndi mizu ina yopatsa mphamvu, ena kwa shehe kukapempha dua. Likakhala lakuti inde, maso onse ankatembenukira kwa mkazi, kapena kwa wachibale amene akuganiziridwa kuti wamanga mimba ndi ufiti.

Apa m'pamene vuto la machende osatsika linkapusitsa anthu. Tchende limagwira ntchito ziwiri: kupanga mbewu ya abambo, ndi kupanga mphamvu imene imameretsa ndevu, kukulitsa mawu ndi kudzutsa chilakolako. Likatsalira m'mimba kapena mphechepeche, ntchito yachiwiriyo kawirikawiri imapitirira bwinobwino, koma yoyambayo imawonongeka. Munthu wotere amakhala dzibambo lamphamvu, lopalasa bwato tsiku lonse, ndipo kuchipinda mkazi wake sadandaula. Umuna umatuluka ndithu, koma mbewu mulibe kapena ndi yochepa kwambiri. Funso la ankhoswe silikanatha kuvumbula zimenezi. Motero amayi ambiri adamwa mankhwala owawa zaka ndi zaka pa vuto limene silinali lawo.

Njira yomaliza m'midzi yambiri ya kum'mwera ndi pakati idali fisi. Akuluakulu ankagwirizana mwachinsinsi ndi mwamuna wina, nthawi zambiri wachibale kapena bwenzi lodalirika, kuti alowe m'nyumba usiku mwini wake atapita kutali. Mwana wobadwayo ankatchedwa wa mwini nyumba ndipo nkhani inkathera pomwepo. Mashehe ndi abusa sadagwirizane nawo mwambowu, koma unkachitikabe mobisa chifukwa unkapulumutsa ukwati ndi ulemu wa mwamuna. Edzi itapezeka m'Malawi mu 1985, fisi adayamba kubweretsa maliro m'malo mwa ana. Bungwe la Malawi Human Rights Commission lidautchula mwambowu m'lipoti lake la miyambo yoika amayi pa chiopsezo, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 lidauletsa. Fisi ankabisa manyazi, koma mwamunayo ankatsala monga adaliri.

M'chikuta ndi ku ndagala

Sikuti makolo sankasamala za tsogolo la mwana wamwamuna. Mwana akabadwa, iye ndi mayi ake ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo masiku amenewo azamba ndi agogo ankakhala tcheru usana ndi usiku. Chikhulupiriro chofala chidali chakuti mchombo ukagwera pa maliseche a mwana wamwamuna, mwanayo adzakhala gojo. Choncho ankamuphimba ndi kansalu, kumugoneka chammbali, ndi kuuchotsa msanga mchombowo ukangothothoka. Ankayang'ananso liwombo, ndipo ankasunga mwambo wa kudika poopa matenda amene Ayao amati ndaka, Anyanja amati tsempho. Maso a agogo adali pafupi kwambiri ndi malo oyenera, koma zala zawo sizinkafufuza ngati m'thumba muli machende awiri. Ngakhale wina akadaona kuti mbali imodzi ndi yofwapa, ankangoti adzatsika akadzakula.

Nthawi yachiwiri idali jando. Chisilamu chisanafike, Ayao adali ndi chinamwali cha anyamata chotchedwa lupanda, ndipo pang'onopang'ono jando ya mdulidwe wathunthu idatenga malo ake. Anthu akakolola, anyamata ankapita ku ndagala kuthengo, kumene ngaliba ankawadula, nakanga ndi alombwe n'kumawaphunzitsa mwambo kwa milungu ingapo. Palibe munthu wina m'mudzi amene ankaona matupi a anyamata ambiri ngati ngaliba. Koma ntchito yake idali ya khungu la kunsonga basi, ndipo za ku ndagala sizinkaululidwa kumudzi, makamaka kwa amayi. Chinanso, mnyamata ankafika ku ndagala ali wamkulu kale, wazaka pafupifupi 10 kapena kuposa. Pa msinkhu umenewo tchende limene latsalira m'kati limakhala litawonongeka kale.

Zimene madokotala adaphunzira pang'onopang'ono

Pamene makolo athu ankasunga mchombo, kutsidya la nyanja nakonso anthu adali mumdima. Mu 1677 Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland adaona mbewu ya abambo koyamba pa galasi lokulitsa zinthu. Mu 1762 John Hunter wa ku London adafotokoza kuti machende sayambira m'thumba. Amapangika m'mimba mwa mwana, pafupi ndi impso, kenako amatsika pang'onopang'ono motsogozedwa ndi kamtsempha. Lero tikudziwa kuti amadutsa kanjira ka mphechepeche cha m'mwezi wa 7 wa pakati, n'kufika m'thumba mwana atatsala pang'ono kubadwa. N'chifukwa chake mwa ana aamuna 100 obadwa masiku atakwana, pafupifupi 3 amabadwa ndi tchende losatsika, pamene mwa obadwa masiku asanakwane chiwerengerocho chimatha kufika 30.

Oyamba kuyesa kutsitsa tchende ndi mpeni adalephera chifukwa mabala ankalowa tizilombo ndipo ana ena ankamwalira. Opaleshoni yoyamba kuyenda bwino idachitika ku Edinburgh mu 1877, pamene Thomas Annandale adathandiza mnyamata wazaka 3 pogwiritsa ntchito mankhwala opha tizilombo amene Joseph Lister adayambitsa. Apo n'kuti amishoni a ku Scotland komweko atangotha chaka chimodzi chikhazikitsire Blantyre, ndipo Kawinga adali akulamulirabe pa Chikala. Mu 1899 Arthur Bevan wa ku Chicago adakonza njira imene maopaleshoni a lero adachokerako.

Chimene chidatsala kudziwika chidali chifukwa chake tchende la m'kati limasiya kupanga mbewu. Hunter ankaganiza kuti limalephera kutsika chifukwa ndi lolumala kale. M'zaka za m'ma 1920 Carl Moore ndi anzake ku Chicago adakulunga thumba la nkhosa yamphongo ndi nsalu zofunda kwa milungu ingapo, ndipo nkhosayo idasiya kupanga mbewu ngakhale machende ake adali pamalo pake. Adatenganso machende a mbira n'kuwabwezera m'mimba, zotsatira zake n'kukhala zomwezo. Wowononga adali kutentha. M'thumba mumazizira ndi madigiri awiri kapena atatu kuyerekeza ndi m'mimba, ndipo mbewu imapangika pokhapokha pali kuzizira kumeneko.

Ngakhale izi zidadziwika, madokotala adapitiriza kudikira. M'zaka za m'ma 1950 ambiri ankachita opaleshoniyi mwana atayandikira kutha msinkhu, zaka zofanana ndi za ku ndagala, poyembekezera kuti tchende litsika lokha. M'ma 1970 adatsitsa zakazo kufika pa 5 kapena 6, ndipo m'ma 1980 kufika pa 2, chifukwa akamayeza tinyama ta m'machendewo ankapeza kuti magwero a mbewu amayamba kuchepa mwana asanakwanitse zaka ziwiri. Mu 2007 madokotala a mayiko a kumpoto kwa Ulaya adagwirizana kuti opaleshoni izichitika pakati pa miyezi 6 ndi 12, ndipo mu 2014 bungwe la American Urological Association lidati isapitirire miyezi 18. Tchende limene silinatsike pofika miyezi 6 silitsikanso lokha kawirikawiri, ndipo jakisoni kapena mankhwala akumwa salangizidwanso.

Zotsatira zake zimasiyana. Mwamuna amene tchende limodzi lokha ndi limene silinatsike amakhala ndi mwayi wobereka wosasiyana kwenikweni ndi wa anzake, pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Onse awiri akatsalira m'kati n'kuthandizidwa ali mwana, pafupifupi 6 mwa 10 amadzabereka. Onse awiri akasiyidwa mpaka kukula, pafupifupi onse amakhala opanda mbewu. Palinso chiopsezo cha khansa ya machende. Kafukufuku wa ku Sweden wa 2007 adapeza kuti ochitidwa opaleshoni asanakwanitse zaka 13 adali ndi chiopsezo chowirikiza kawiri, pamene ochitidwa pambuyo pake chidawirikiza kasanu. Tchende la mphechepeche limathanso kupotokola mtsempha wake mwadzidzidzi n'kufa m'maola ochepa.

Ulendo wa mpeni kufika kwathu

Nzeru zimenezi zidachedwa kufika m'mbali mwa Chiuta. M'nthawi ya atsamunda zipatala zochitira opaleshoni zidali ku Zomba, ku Blantyre ndi m'mamishoni ochepa, ndipo ntchito yake yambiri idali ya zilonda, mafupa ndi amayi ovutika pochira. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chidatsegulidwa mu 1958. Njanji ya Nkaya kupita ku Nayuchi idafika mu 1970 n'kufupikitsa ulendo wa anthu a kumalire, m'boma limene panthawiyo linkatchedwa Kasupe. Mu 1976 dziko lidayamba kuphunzitsa ma clinical officer, amene mpaka lero amachita maopaleshoni ambiri m'zipatala za m'maboma. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa mu 1991, ndipo Balaka idapatuka ku Machinga kukhala boma palokha mu 1998.

Kwa zaka zambiri Pulofesa Eric Borgstein wa ku Queen Elizabeth adali mmodzi wa akatswiri ochepa kwambiri a opaleshoni ya ana m'dziko muno. Mu Julayi 2017 pachipatala chomwecho padatsegulidwa Mercy James, malo a opaleshoni ya ana omangidwa ndi bungwe la Raising Malawi la woimba Madonna, kumene akuphunzitsiranso akatswiri atsopano. Lero njira ya mwana wa ku Ngokwe ndi yodziwika: kuyambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera, kupita ku chipatala cha boma ku Liwonde, kenako ku Zomba Central kapena ku Blantyre ngati tchende silikumveka n'komwe ndipo likufunika kufufuzidwa m'mimba. Mwa ana 5 alionse a vutoli, 4 tchende limamveka mphechepeche, ndipo opaleshoni yake imatenga pafupifupi ola limodzi. Dokotala amacheka pang'ono, kumasula mitsempha, kulitsitsa ndi kulisokerera m'thumba. M'zipatala za boma salipiritsa. Chimene chimalemera ndi ndalama ya kabaza ndi minibasi, ndi chakudya cha wodikirira.

Kusintha kwakukulu kudachitika pa malo obadwira. Mu 1992 ana 55 mwa 100 ndiwo ankabadwira kuchipatala. Boma lidaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007, mafumu n'kuika chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku kwa ochirira kunyumba, ndipo pofika 2016 chiwerengerocho chidafika 91. Mwana wa lero amagwiridwa ndi namwino tsiku lobadwa, n'kubwereranso ku sikelo pa milungu 6, 10 ndi 14, ndi pa miyezi 9. Machinga ndi Balaka adali m'gulu la maboma 11 amene adayamba kulandira katemera wa malungo mu 2019, amene amaperekedwa pa miyezi 5, 6 ndi 7, nthawi yeniyeni imene tchende losatsika liyenera kutumizidwa kwa dokotala. Chiyambire dera la Ngokwe, mwana wamwamuna sadakumanepo ndi achipatala kambirimbiri chonchi m'chaka chake choyamba.

Komabe amene adafikapo ku sikelo akudziwa mmene zimakhalira. Amayi mazanamazana amakhala pamzere pansi pa mtengo, mlangizi wa zaumoyo mmodzi kapena awiri akukoleka ana pa sikelo, kulemba m'buku, kubaya katemera. Thewera silivulidwa pokhapokha mayi atadandaula, ndipo mayi sadandaula chifukwa mwana sakumva kuwawa, akuyamwa bwino, akunenepa. Ena amachita manyazi kutchula malowo pagulu. N'chifukwa chake ana ambiri a vutoli m'mayiko a kuno amafika kwa dokotala ali a ku pulayimale, ena ali kale pabanja. Zili choncho m'dziko limene lipoti la 2012 la bungwe la WHO ndi anzake lidaliika patsogolo pa dziko lonse lapansi pa ana obadwa masiku asanakwane, 18 mwa 100 alionse, omwe ndi ana amene vutoli limawagwira kwambiri.

Kuyeza kwake sikufuna makina. Mwana atangosamba madzi ofunda, ali phee pamiyendo, mayi kapena bambo agwire thumbalo modekha ndi zala zofunda. Ayenera kumva tinthu tiwiri tolimba pang'ono, tokula ngati nzama, kamodzi mbali iliyonse. Kukazizira kapena mwana akadzidzimuka, machende amathawira m'mwamba kenako n'kubwerera okha, ndipo zimenezo si matenda. Koma ngati mbali imodzi imakhala yopanda kanthu nthawi zonse, thumba lili laling'ono ndi losalala, kapena mphechepeche mukumveka kachotupa koyenda, mwanayo aonedwe ndi achipatala ndipo zilembedwe m'buku lake. Kusisita, kukoka kapena kutemera mphini sikutsitsa tchende.

Kwa bambo amene wakula kale ndi vutoli, opaleshoni siibwezeretsa mbewu imene idawonongeka, koma kuonana ndi dokotala n'kofunikabe chifukwa cha khansa ija. Kuyezetsa umuna m'zipatala zazikulu kumanena zoona mwachangu, ndipo kumapulumutsa mkazi ku mankhwala ndi minyozo yosayenera. Bungwe la WHO lidalengeza mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake, ndipo madokotala amati pafupifupi theka la mabanja otere vuto limakhudza mwamuna. Mu 1992 ku Brussels kudapezeka njira yobaya mbewu imodzi yokha m'dzira la mayi, koma mtengo wake msodzi wa pa Chiuta sangaufike. Chimene angachifike ndi kutenga mwana wake wakhanda kupita naye ku Liwonde.

Agogo athu adateteza mchombo ndi mtima wonse chifukwa ankafuna kuti mdzukulu wawo adzaone ana ake. Cholinga chimenecho sichinasinthe, ndipo anthu amene angachikwaniritse ndi omwewo: agogo amene amasambitsa khanda, anamwino, alangizi a zaumoyo, mashehe ndi abusa amene amalangiza mabanja, angaliba amene amaona anyamata chaka ndi chaka, ndi mafumu amene adatha kusintha malo obadwira m'zaka zochepa. Inu amene muli ndi mwana wamwamuna wosakwana chaka, muyezeni pomusambitsa. Mukapeza mbali imodzi ilibe kanthu, musadikire jando kapena ukwati. Uzani namwino pa sikelo yotsatira, ndipo mwanayo akakwanitsa miyezi 6 tchende lisanatsike, pemphani kalata yopita ku chipatala cha boma.